Kodi mumadziwa? Chilumba cha Mbenji chimatsekedwa dzinja lonse

Utaka wouma womwe timagula mumsika wa Limbe umachokera m'madoko ambiri a nyanja ya Malawi, koma pali malo amodzi pomwe nsombayi imapatsidwa mpata wopuma. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, usodzi umatsekedwa mvula ikayamba, cha mu Disembala, mpaka cha mu Epulo. Asodzi onse amapasula misasa n'kubwerera kumtunda kuti utaka uswane bwino. Lamuloli si la boma ayi. Ndi la mafumu a kwa Makanjira, ndipo lakhala likutsatidwa kuyambira zaka za m'ma 1950.

Chilumba chikatsegulidwa, moyo wake ngwamalamulo okhwima. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo akazi saloledwa kupitako. Mfundo yomalizayi ena amaiwiringula masiku ano, mwina n'chifukwa chomveka. Komiti ya mfumu ndiyo imalondera, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa chindapusa kapena kupirikitsidwa pachilumbapo.

Kumwera, zilumba za Mumbo, Domwe, Thumbi ndi Maleri zili m'manja mwa boma, pansi pa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Bungwe la UNESCO linaika pakiyi pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Kumeneko n'koletsedwa kuponya ukonde pamadzi osapitirira mamita 100 kuchokera pagombe.