"Mungochepetsako pang'ono": mawu amene ametetsa ambiri mpala ku Chilinde

Loweruka m'mawa ku Chilinde, magetsi akakhala kuti alipo, mabenchi a m'mababashopu sachedwa kudzaza. Pali bambo amene masana akukakhala nawo pa ukwati ku Kawale, mnyamata amene Lolemba akukayesedwa ntchito ku City Centre, ndi ana awiri amene mayi awo awasiyira ndalama m'manja n'kuthamangira kumsika. Mkangano wa Bullets ndi Wanderers uli m'kati, wina wa Silver Strikers akukumbutsa onse kuti kuno ndi ku Lilongwe. Aliyense pakamwa pali yasa. Koma munthu akangokhala pampando, nsalu n'kumuzinga m'khosi, mawu amamuthera. Yemwe amakuwa za penate uja amangoti chapansipansi: "Mungochepetsako pang'ono, achimwene."

Mawu amenewa ndinawanenapo ineyo, kutatsala tsiku limodzi kuti ndikayime ngati nkhoswe pa chinkhoswe cha mphwanga. Wometayo anagwedeza mutu, diso lina lili pa kanema. Makina atangodutsa kamodzi pamwamba pa khutu, ndinaona khungu likuwala pagalasi. Pamenepo mpata unalipo woti tipulumutse mbali inayo. Ndinangoti duu. Atamaliza anandionetsa kunkhongo ndi kagalasi kakang'ono n'kufunsa ngati zili bwino. Ndinati zili bwino kwambiri, ndinalipira, ndipo ndinathokozanso. Akuluakulu akamanena za kumetedwa mpala wopanda madzi amatanthauza kuchenjeretsedwa, koma ine palibe anandichenjeretsa. Ndinadzimeta ndekha ndi manyazi anga.

Vuto loyamba lili m'mawu oti "pang'ono". Alibe muyeso. Pang'ono pa mphunzitsi wopuma pantchito si pang'ono pa mnyamata wa kabaza, ndipo wometa amene wameta mitu khumi chiyambire m'mawa amamva zimene dzanja lake lazolowera. Chikhalirecho muyeso ulipo, uli pathebulo pomwepo. Timapulasitiki tija amaveka kumano kwa makina tili ndi manambala: nambala 1 imasiya tsitsi lotalika pafupifupi mamilimita atatu, nambala 2 pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo makina opanda kanthu amafika pakhungu. Amene wanena kuti pamwamba nambala 2, m'mbali nambala 1, mzere wapachipumi musaukankhire m'mbuyo, wanena chinthu chomveka. Mzere wapachipumiwu ndi umene amuna ambiri amadandaula nawo m'njira: akamaubweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuti uwongoke, munthu amadzadzimuka chipumi chitakula ngati dazi layamba.

Chithunzi cha pafoni chimathandiza, ngakhale nacho chili ndi malire. Mutu wa wosewera mpira wa ku England uja si mutu wanu, tsitsi lake si lanu, ndipo pepala la masitayelo lomatidwa kukhoma lija silinajambulidwe ku Chilinde. Wometa wodziwa ntchito amanena poyera kuti ichi pamutu panu sichikhala. Amene amangovomera chilichonse ndiye woyenera kumuopa.

Nanga chete ameneyu tinamutenga kuti? Ine ndimaona kuti Mmalawi wakula tsitsi lake lili m'manja mwa ena. Kusukulu za pulayimale ambiri tikukumbukira mphunzitsi akudutsa pamzere ndi sizasi, n'kudula kanjira pakati pa mutu wa aliyense amene tsitsi lakula, kuti akafika kunyumba asachitire mwina koma kumeta lonse. Kumudzi, pakagwa maliro, kumeta ndi mwambo, ndipo sufunsidwa kuti ukufuna sitayelo yanji. Boma nalo linalowererapo. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, pamene lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Malamulowo anapita ndi chipani chimodzi, koma za tsitsi sizinathere pomwepo. Mpaka mu Meyi 2023 ndi pamene Khoti Lalikulu ku Zomba, pa chigamulo cha Justice Zione Ntaba, linalamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Munthu woleredwa chotere akakhala pampando amaweramitsa mutu n'kudikira. Amayiwala kuti ulendo uno wolipira ndi iyeyo.

Kwa amayi nkhaniyi ndi yolemera kuposa apa, chifukwa chete wawo amapweteka thupi ndi thumba lomwe. Meshi ndi mawigi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nayo. Mayi amagula meshi yekha, amalipira woluka, amakhala pampando kapena pamkeka wa pakhonde theka la tsiku. Woluka akakoka mpaka khungu la pachipumi kunyamuka, mayiyo amangoluma mano, poti anauzidwa kalekale kuti zothina ndi zimene zimakhalitsa. Usiku tulo osabwera, mutu sungagone papilo, mawa lake Panado. Timatuza tija timatuluka m'mphepete mwa tsitsi ndi chenjezo: mizu ikukokedwa mopyola. Zikachitika kawirikawiri, tsitsi la m'mphepete limathothoka, ndipo mizu ikafa silimeranso, ngakhale mutapaka mafuta a mtundu wanji. Madokotala amalitcha vutoli traction alopecia. Mawu oti "asisi, pamenepo mwakoka, masulaniko" ndi oyenera kunenedwa pa mzere woyamba, osati mutu wonse utatha.

Chimodzimodzi ndi mankhwala owongolera tsitsi. Ambiri mwa iwo ali ndi sodium hydroxide, amene amawotcha khungu akakhalitsa. Mutu ukayamba kunyereza ndi kutentha, kumeneko si kugwira ntchito kwa mankhwala ayi, ndi bala likuyamba. Nenani atsuke. Ndipo ngati munakanda m'mutu dzulo lake, kapena mwangomasula kumene zoluka, auzeni asanapake.

Palinso funso limene ambiri amaliona ngati chipongwe: kodi makinawa mwapukuta? Zipere zimayenda pa makina ndi pa zipeso, makamaka kwa ana, ndipo lezala imene yacheka wina ikhoza kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B. Kupempha kuti atsegule lezala yatsopano inu mukuona, kapena athire sipiriti pamakina, si kunyoza munthu. Ndipo amene anakhalapo ndi theka la mutu lometedwa pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, funso loti makina a batire alipo amalifunsa asanavale n'komwe nsalu.

Tiyang'anenso mbali ya wometayo. Ku Chilinde, ku Area 23, ku Biwi, simuyenda mtunda musanaone babashopu ina kapena saluni ina. Lendi ya kachipinda imafuna kulipidwa mwezi ukatha, mayunitsi a ESCOM amafuna kugulidwa, ndipo zonsezi zimadalira anthu amene amabweranso. Kasitomala amene wadandaula ali pampando wapereka mpata wokonza. Amene wati zili bwino n'kupita osabweranso, wometa sadziwa n'komwe chimene analakwa, ndipo mawa adzalakwiranso wina chimodzimodzi. Inde alipo ena amene ukawawongolera amakwinya nkhope, n'kukuuza zaka zimene akhala akumeta. Otero asiyeni ndi zaka zawozo, khomo lina lili pafupi.

Kwa wometa wanga uja sindinabwerereko, ndipo mpaka lero ndikamudutsa timapatsana moni bwinobwino, iye osadziwa kanthu. Tsitsi linabwerera patatha milungu itatu. Zithunzi za chinkhoswe zija zili m'nyumba za abale ku Chilinde ndi ku Dedza, ndipo pa zonse nkhoswe wa kuchimuna wavala chipewa.