Chidindo cha pansi pa mbale: kuzindikira ziwiya zakale za ku Germany

Mbale kapena kapu yadothi loyera imaulula kwawo ikatembenuzidwa. Pansi pake pamakhala chidindo cha fakitale, ndipo wodziwa kuchiwerenga amazindikira dziko, opanga, ngakhalenso nyengo imene chiwiyacho chinaumbidwa. Luso limeneli n'lothandiza ku Mzuzu, kumene katundu wogwiritsidwapo kale ntchito amagulitsidwa m'misika, ndiponso kumene makabati amasunga makapu ndi matipoti a alendo amene makolo anasiya. Ajeremani sanali kutali ndi chigawo cha kumpoto: mpaka pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, iwo ankalamulira tsidya lina la mtsinje wa Songwe, ndipo amishoni awo anafika kumeneko mu 1891.

Kwa zaka mazana ambiri, chinsinsi choumba ziwiya zoyera ndi zolimba chinali ku China. Ku Ulaya chinadziwika mu 1708, kudzera m'ntchito ya Johann Friedrich Böttger ndi Ehrenfried Walther von Tschirnhaus, ndipo mu 1710 fakitale ya Meissen inatsegulidwa pafupi ndi mzinda wa Dresden. Chidindo chake ndi malupanga awiri opingasa, ojambulidwa pamanja ndi utoto wabuluu kuyambira m'zaka za m'ma 1720. Kadontho pakati pa zigwiriro za malupangawo kamasonyeza zaka za 1763 mpaka 1774, pamene kanyenyezi kamasonyeza 1774 mpaka 1814. Timizere tokandidwa podutsa malupangawo timatanthauza kuti fakitale inapeza chilema pa chiwiyacho.

Mafakitale ena nawonso ali ndi zidindo zawo. KPM ya ku Berlin, imene mfumu Frederick the Great inagula mu 1763, imaika ndodo yachifumu yabuluu. Fürstenberg, ya mu 1747, imaika chilembo F. Nymphenburg ya ku Munich imadinda chishango m'dothi lisanawotchedwe, pamene Hutschenreuther imadziwika ndi mkango.

Mawu olembedwa pambali pa chidindo amathandizanso. "Made in Germany" anafala pambuyo pa 1887, dziko la Britain litalamula kuti katundu wakunja azisonyeza kumene wachokera. "US Zone" ndi a zaka za 1945 mpaka 1949. "West Germany" ndi "GDR" ndi a nthawi imene dzikolo linali logawika pawiri, kuyambira 1949 mpaka 1990.

Komabe chidindo pachokha si umboni wokwanira, popeza malupanga a Meissen akhala akukoperedwa ndi mafakitale ambiri. Chala, khutu ndi diso ziyenera kuchitira umboni. Chidindo chenicheni cha Meissen chimakhala kunsi kwa chikuto chonyezimira, choncho chala chikadutsapo sichimva kukhakhala, ndipo sichifufutika. Kapu yopyapyala ikayang'anitsidwa kudzuwa, kuwala kumadutsa ndipo mthunzi wa zala umaoneka. Ikagogodedwa ndi chikhadabo imalira ngati kabelu. Yong'aluka imalira mogontha.

Chiwiya chotere sichifuna kukwechedwa ndi mchenga kapena phulusa monga mphika wa nsima, chifukwa mkombero wagolide ndi maluwa ojambulidwa pamwamba zimafufutika msanga. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Mbale yakale isanagulitsidwe pamtengo wozizira kapena kupatsidwa ana kuti akasewerere masanje, ndi bwino kuyamba yatembenuzidwa ndi kuwerengedwa pansi.