Msambo Wodumphadumpha ndi Kuchedwa kwa Mwana: Zimene Banja Lingachite

Pa ntchito yathu yolangiza mabanja timakumana kawirikawiri ndi mayi amene wakhala pabanja zaka zitatu kapena zinayi wopanda mwana. Msambo wake umadumpha miyezi, ziphuphu sizikutha kumaso, ndipo tsitsi layamba kumera pachibwano. Apongozi ayamba kunong'ona kuti analodzedwa, ankhoswe atopa, ndipo bambo akuganiza zokwatira wina. Tisanaweruze mlongo wathu wotere, tiyenera kudziwa kuti zizindikirozi nthawi zambiri zimachokera ku vuto lodziwika bwino kwa madokotala, limene akhala akulitchula mwachidule kuti PCOS.

Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analongosola vutoli mu 1935. Limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kuti ali nalo. Mu 2003 akatswiri anagwirizana ku Rotterdam kuti mayi ali ndi vutoli akapezeka ndi ziwiri mwa zinthu zitatu izi: msambo wosabwera mwezi ndi mwezi, kuchuluka kwa mahomoni achimuna m'thupi, ndi timazira tambiri tosakhwima toonekera pa sikani m'matumba a mazira. Dzira likapanda kukhwima ndi kutuluka, mimba singakhale.

Mwa amayi ambiri otere, thupi silimvera bwino insulini, imene imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Thupi limapanga insulini yochuluka, ndipo iyo imasonkhezera matumba a mazira kutulutsa mahomoni achimuna ambiri. Nchifukwa chake kadyedwe ndi kugwiritsa ntchito thupi zili ndi mphamvu pa vutoli, ngakhale sizilichotseratu.

Choyamba ndi chakudya. Malangizo a akatswiri a mayiko ambiri a mu 2023 sanapeze kadyedwe kamodzi koposa ena onse, choncho palibe chifukwa chogulira zakudya zodula. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga wothandiza. Ikhale yochepa m'mbale, ndiwo zikhale zambiri: nyemba, khobwe, nandolo, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, usipa ndi mazira. Zakumwa za m'mabotolo, mandasi ndi shuga wambiri mu tiyi zichepe.

Chachiwiri ndi kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga ndi kulima zonse zimawerengedwa. Kwa mayi wonenepa, kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse kungabwezeretse msambo. Wolemera makilogalamu 80 akataya 4 mpaka 8 wayamba kale kupindula. Pali amayi ochepa thupi amene ali nalonso vutoli, ndipo iwowa safunika kuonda. Kugona mokwanira ndi kupewa fodya kumathandiza onse.

Tichenjezane pa za zitsamba. Palibe muzu kapena ufa wogulitsidwa pamsika umene watsimikizika kuti umachiza vutoli, ndipo ina ingawononge chiwindi kapena mimba imene yangoyamba. Mayi akatha miyezi itatu osasamba pamene alibe mimba, apite kuchipatala, chifukwa khungu la m'kati mwa chiberekero limakhuthala ndipo patapita zaka lingasanduke khansa. Ayezetsenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Alipo mankhwala monga letrozole othandiza dzira kutuluka ndi metformin wothandiza pa insulini, ndipo amayi ambiri a vutoli amabereka. Bambonso ayezedwe, pakuti kusabereka kumachokeranso kwa amuna m'mabanja ambiri.

Abambo, mphika wa pakhomo ndi umodzi. Mayi sangasinthe kadyedwe yekha pamene inu mukukana mgaiwa, ndipo ulendo wa kuchipatala ndi wa nonse awiri. Amayi a chigwirizano, vutoli limabwera ndi nkhawa ndi kusweka mtima, ndipo mawu akuti chumba amalasa koposa matendawo. Mlongo amene wasiya kubwera kumisonkhano chifukwa cha manyazi timuyendere sabata ino, timumvetsere, ndipo ngati akuopa kupita yekha kuchipatala, mmodzi wa ife amuperekeze.