Kodi Mumadziwa? Mawu Anu Amayenda M'timaphukusi

Mukakhala ku Kabwata n'kuimbira mlongo wanu ku Chelstone kudzera pa intaneti, mawu anu sayenda athunthu ngati pa lamya yakale ya nthambo. Foni imawaduladula m'timaphukusi, ndipo kawirikawiri kalikonse kamanyamula mamilisekondi 20 a mawu: timaphukusi 50 pa sekondi imodzi! Lusoli amalitcha VoIP.

Mafoni ambiri a VoIP a m'maofesi, kaya mu Cairo Road kaya ku Woodlands, amatsata ndondomeko ziwiri. SIP, yomwe idatuluka mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2002, ili ngati nkhoswe: imasaka munthu woimbiridwa, kuliza foni yake, kugwirizanitsa mbali ziwirizo, kenako kutseka mukatsanzikana. Koma mawu enieniwo siinyamula. Mtengatenga wake ndi RTP, ya mu 1996, imene imalemba nambala ndi nthawi pa kaphukusi kalikonse kuti timaphukusito tisanjidwe bwino kumene tikupitako.

Timaphukusi tikamafika mosiyana nthawi, akatswiri amati ndi jitter, ndipo m'pamene mawu amadukaduka. Bungwe loona za matelefoni padziko lonse la ITU limalangiza kuti mawu asachedwe panjira kupitirira mamilisekondi 150. Zikapyola kwambiri pamenepo, mumayamba kulankhulira pamodzi ngati anthu okangana.

Lusoli lidakhudzanso boma: mu August 2018 nduna za boma la Zambia zidavomereza msonkho wa 30 ngwee patsiku pa mafoni a pa intaneti monga WhatsApp, Skype ndi Viber, ati pofuna kuteteza ntchito ku Zamtel, MTN ndi Airtel.