Makadamiya si chimanga: tiwadyetse pang'onopang'ono

Nsomba sizikugwidwanso ngati kale, ndipo ena mwa ife tayamba kuyang'ana kumtunda. Amene tili ndi minda kumapiri a Namwera, kumtunda kwa Nkhata Bay kapena cha ku Ntchisi tabzalako makadamiya, poti mtengowu umakonda malo okwera, ozizirirako. Kugombe kwenikweni, pamchenga ndi dzuwa lathu lija, umavutika.

Mbande yomezanitsa ndi yodula, ndipo imatenga zaka 4 kapena 5 kuti iyambe kubereka. Zokolola zenizeni zimabwera mtengo ukafika zaka 10. Ndiye taganizani, munthu wagulitsa mbuzi, kapena wachotsa ndalama ya ukonde, wagula mbande, wathirira zaka zitatu, kenako mtengo uja n'kuuma chifukwa cha feteleza amene wagula yekha. Mitengo yambiri imavulala ndi chikondi cha mwini wake. Timaidyetsa monga timadyetsera chimanga, pomwe kadyedwe kake ndi kena.

Kadyedwe ka mtengowu

Kwawo kwa makadamiya ndi ku Australia, m'nkhalango za kum'mawa kwa dzikolo. Mtengowu uli ndi luso lotola chakudya ngakhale pamene chili chochepa. Mukakanda pang'ono pansi pa masamba ogwa, mupeza timizu tating'ono tothithikana ngati burashi. Timizu timeneti ndi m'kamwa mwa mtengo. Tili pamwamba penipeni pa nthaka, sitifuna khasu, sitifuna dzuwa, ndipo timapsa msanga feteleza akaunjikidwa pamodzi.

Pa thumba la feteleza pamakhala manambala atatu. Yoyamba ndi nayitrojeni wokulitsa masamba, yachiwiri ndi fosifolasi, yachitatu ndi potashi. Chitowe chimene tinazolowera kale pa chimanga chinkalembedwa 23:21:0+4S, kutanthauza kuti fosifolasi anali wambiri koma potashi munalibe. Makadamiya amafuna zosiyana ndi zimenezi: fosifolasi wochepa, potashi wokwanira. Fosifolasi akachuluka, timizu tija timasiya kumera, mtengo umalephera kuyamwa ayironi, ndipo masamba anthete amasanduka achikasu mitsempha yokha ili yobiriwira. Mlimi akaona chikasucho amati mtengo uli ndi njala, n'kuwonjezera chitowe china. Apo ndiye wathira mchere pabala.

Manyowa poyamba, thumba pambuyo

Chakudya choyamba cha makadamiya ndi zophimbira nthaka. Tiyale udzu, mapesi, masangwi a mtedza kapena mapesi a mpunga pansi pa mtengo, kuchindikala kwake masentimita 10, kufika pamene nthambi zalekezera. Koma tisiye mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuzungulira tsinde, kuti khungwa lisaole ndiponso chiswe chisapeze njira. Zophimbirazi zimasunga chinyezi m'chilimwe, zimaziziritsa timizu tija, ndipo zikamaola zimadyetsa mtengo tsiku ndi tsiku.

Makoko obiriwira amene timasenda pa mtedzawu asatayidwe. Muli potashi wambiri amene mtengo unatenga m'nthaka. Tisende mtedza pasanathe tsiku limodzi chiutolereni, makokowo tiwaunjike aole miyezi ingapo, kenako tiwabweze pansi pa mitengo. Aawisi amatentha akamaola, choncho tisathamangire kuwathira.

Ife akunyanja tilinso ndi chuma chimene akumapiri alibe. Matumbo ndi mamba a nsomba, fumbi la usipa lotsala pathandala, ndi namasupuni amene amatitsekera madooko, zonsezi ndi manyowa. Tizisanjike m'dzenje kapena pamulu: udzu wouma wambiri, zansomba pang'ono, ndowe, dothi pamwamba, n'kumatembenuza mpaka fungo litatha ndipo zada ngati dothi la kudambo. Namasupuni ayambe wauma padzuwa, ndipo asaunjikidwe pafupi ndi madzi, angabwerere. Zansomba zosaola zimaitana agalu, amene amafukula mizu. Tikumbukirenso kuti minga ya nsomba ndi zitosi za nkhuku zili ndi fosifolasi wochuluka, ndiye zikhale ndiwo chabe, nsima yake ikhale udzu ndi ndowe za ng'ombe kapena mbuzi. Phulusa la kukhitchini lili ndi potashi, koma tingowaza pang'ono, chifukwa makadamiya amakonda nthaka yowawasirako ndipo phulusa lambiri limaisintha.

Mtengo waung'ono

Pobzala tisaike feteleza wa m'thumba m'dzenje. Manyowa oola bwino osakaniza ndi dothi lapamwamba ndi okwanira. Tidikire mpaka mbande itagwira ndi kutulutsa masamba atsopano. Ikatero, kadzanja kamodzi kosadzaza n'kokwanira pa ulendo umodzi. Tiwaze mozungulira ngati mphete, kutalikira masentimita 30 kuchoka patsinde, nthaka ili yonyowa. Tisabayire ndi chikhomo monga timachitira pa phando la chimanga.

Feteleza wa chaka chonse timugawe katatu kapena kanayi: mvula ikakhazikika, pakati pa dzinja, ndi mvula ikamapita kumapeto nthaka isanaume. Mwana sitimupatsa phala la sabata yonse tsiku limodzi. Mtengo ukamakula, muyezo ukwere pang'ono chaka ndi chaka, ndipo mphete ija izitambasuka kutsata nthambi, chifukwa timizu todya tili cha kumeneko, osati patsinde. Yureya ndi waukali, ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 alionse. Akathiridwa pouma amatha ndi mpweya, akaunjikidwa amawotcha. Amene tili ndi minda yamchenga tichenjere kwambiri, chifukwa mvula imodzi yamphamvu imatsitsa feteleza yense kupitirira mizu.

Zaka zoyambazi, pakati pa mizere tibzalepo mtedza, soya kapena nyemba. Mbewuzi zimawonjezera chonde, sizitchinga mtengo, ndipo banja limadya podikira. Khasu lokha lisafike pansi pa nthambi. Udzu wapamenepo tizule ndi manja.

Mtengo wobereka

Mtengo ukayamba kubereka, njala yake imasintha. Nayitrojeni akachuluka, mtengo umangokongola masamba, mtedza n'kukhala wochepa ndi wopanda mafuta okwanira. Ogula amayang'ana mtedza wa m'kati mwa chigoba. Wodzaza ndi wamafuta ndiwo uli ndi mtengo wabwino, wofwapa amaubweza. Chimene chimadzaza mtedza ndi potashi pamodzi ndi chinyezi pa nthawi imene mtedzawo ukukula. Tikamagula potashi, tifunse wa salifeti ngati alipo, chifukwa makadamiya sagwirizana ndi mchere wambiri.

Pali michere ina iwiri yofunika pang'ono zedi: boroni, amene amathandiza maluwa kugwira zipatso, ndi zinki, amene akasowa masamba amatuluka ang'onoang'ono mothithikana kunsonga. Iyi tisamathire mongoganiza. Boroni akapitirira pang'ono pokha amasanduka poizoni ku mtengo. Muyezo wake atiuze alangizi a zaulimi.

Mtengo umalankhula ndi masamba

Masamba akale akamayera mtengo wonse n'kufooka, nthawi zambiri ndi njala ya nayitrojeni. Akale akamapsa m'mbalimbali, potashi wachepa, kapena feteleza wapitirira, ndiye tikumbukire zimene tathira posachedwa. Anthete akachita chikasu, tileke kaye fosifolasi ndi phulusa, tiwonjeze zophimbira. Ndipo si chikasu chilichonse chimene ndi njala. Madzi akamadikha pansi pa mtengo mizu imaola, ndipo apo feteleza sangathandize, chofunika ndi ngalande.

Njira yotsimikizika ndi kuyezetsa dothi. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ku Thyolo ndi Chitedze ku Lilongwe amagwira ntchito imeneyi. Alimi a mudzi umodzi tikhoza kusonkherana, mlangizi n'kutithandiza katengedwe ka dothilo ndi katumizidwe kake. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi matumba amene timataya pothira zosafunika.

Feteleza wokokoloka kumtunda sathera panjira. Amatsika ndi mitsinje n'kulowa m'nyanja momwe timavuula chakudya chathu, kukanenepetsa namasupuni ndi ndere. Mlimi wa kuphiri ndi msodzi wa kugombe nthawi zambiri ndi banja limodzi, choncho kuthira mwamuyezo kumapulumutsa thumba ndi ukonde womwe.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula isanagwe chaka chino, tiyambe ndi mulu wa manyowa ndi udzu wophimbira. Thumba la feteleza libwere pambuyo, titawerenga manambala ake. Mtengo wodyetsedwa motere, Insha Allah, udzabereka zaka makumi angapo, ndipo adzatolabe ndi adzukulu athu.