Kusunga zolemba m'zipinda zopanda fumbi

Chipinda chopanda fumbi ndi chipinda chomwe mpweya wake umasefedwa ndi kuyezedwa kuti fumbi ndi tizilombo toyambitsa matenda zisaipitse zimene zikupangidwamo. Zipinda zotere zimapezeka m'mafakitale a mankhwala, katemera ndi zipangizo za kompyuta. Kamangidwe kake kamakono anakatulukira ndi Willis Whitfield wa ku America m'chaka cha 1960. Malinga ndi muyezo wa ISO 14644-1, chipinda cha gulu 5 sichiyenera kupitirira tinthu 3,520 tokula maikulomita 0.5 kapena kuposerapo pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Kufunika kwa zolemba

Ukhondo wotere suoneka ndi maso, choncho umboni wake ndi zolemba. Ogwira ntchito amalemba amene walowa, nthawi yomwe chipinda chatsukidwa, kutentha kwake ndi nambala ya gulu la mankhwala omwe apangidwa. Mankhwala akapezeka ndi vuto, nambalayo ndiyo imathandiza kuwachotsa m'zipatala. Ku Malawi, ntchito yoyang'anira ubwino wa mankhwala ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Mapepala

Pepala ndi lotsika mtengo, silifuna magetsi ndipo aliyense wodziwa kulemba angathe kuligwiritsa ntchito. Vuto lake ndi lakuti limatulutsa timaulusi tomwe timauluka mu mpweya, ndiponso silingapukutidwe ndi mankhwala ophera tizilombo. N'chifukwa chake mafakitale amagula mapepala apadera ndipo amaletsa pensulo. Munthu akalakwitsa safufuta. Amadula mzere umodzi, n'kusaina ndi kulemba tsiku.

Makompyuta

Kompyuta imasunga yokha nthawi ndi dzina la aliyense wolemba kapena wosintha kanthu, kotero kuti n'kovuta kubisa chinyengo. Dziko la America linakhazikitsa malamulo a zolemba zotere, otchedwa 21 CFR Part 11, m'chaka cha 1997. Komabe makinawa ndi okwera mtengo, ndipo amafuna magetsi odalirika ndi akatswiri owakonza.

Ku Mvera ndi madera ozungulira

Ku Mvera m'boma la Dowa, komwe amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika mu 1889, jekeseni ndi katemera amene odwala amalandira amachokera m'zipinda zotere kutali. Akafika kuchipatala, zolemba zimapitirira: azaumoyo amalemba kutentha kwa firiji ya katemera kawiri pa tsiku, ndipo wodwala amasunga yekha buku lake la kuchipatala.

Makompyuta olembera odwala anayamba pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, ndipo bungwe la Baobab Health linawafalitsa m'zipatala zina. Masiku ano njira ziwirizi zimayendera limodzi: malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala za ku Dowa ndi Ntchisi amayamba pa mapepala, kenako amalowetsedwa mu pulogalamu ya DHIS2 ya Unduna wa Zaumoyo.