Malamulo afika pa foni, koma khomo lake likadali kalasi ya 12

MSUMBA, Lago — Dzuwa likamalowa kutsidya kwa nyanja, asodzi a ku Msumba amayamba kukonza nyali ndi zilimira kuti akagwire usipa. Nthawi imeneyi ana a sekondale amakhala ataweruka, ndipo amene ali ndi foni amapita pamalo pamene netiweki imagwira bwino. Pa mafoni amenewa masiku ano pamabwera mauthenga oitanira anthu ku maphunziro a malamulo, amene pa Chipwitikizi amati Direito. Mauthengawo amati munthu angathe kuphunzira ali kwawo, osakwera chapa, osalipira nyumba ku tauni.

Ana akafotokoza zimenezi kunyumba, makolo amafuna kudziwa ngati n'zoona kuti mwana wa msodzi angakhale loya ali m'mphepete mwa nyanja momwemuno, ndiponso ngati ndalama za usipa ndi chinangwa sizikangotayika. Yankho lake ndi lakuti njirayo ilipodi, koma siyambira pa foni. Imayambira m'kalasi.

Mudzi wozolowera kutumiza ana kutali

Msumba si mudzi wachilendo pa nkhani ya sukulu. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, motsogozedwa ndi William Percival Johnson, anayamba ntchito m'mbali mwa nyanja ino m'zaka za m'ma 1880, ndipo sukulu ya pa mishoni ya São Bartolomeu inaphunzitsa mibadwo ingapo ya Anyanja kuwerenga ndi kulemba. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, anthu ambiri a kuno anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo ana ena anakapitiriza sukulu komweko.

Mmodzi mwa anthu odziwika obadwira ku Msumba ndi a Brazão Mazula, amene anabadwa mu 1944. Iwo anakaphunzira mpaka ku São Paulo, ku Brazil. Si loya, koma ndiwo anapatsidwa udindo wotsogolera bungwe loyendetsa chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, patatha zaka ziwiri chisainireni mgwirizano wa mtendere wa ku Roma. Kuyambira 1995 mpaka 2007 anali mkulu wa Universidade Eduardo Mondlane.

Koma onse amene anaphunzira kwambiri anachita kuchoka pamudzi. Pa maphunziro a malamulo mtunda unali wautali koposa. Mu 1975 boma linaletsa maloya ogwira ntchito paokha. Sukulu ya malamulo inali imodzi yokha m'dziko lonse, ku Maputo, makilomita oposa 2,000 kuchokera ku Lichinga, ndipo nayonso inatsekedwa mu 1983 n'kudzatsegulidwanso mu 1987. Mu 1996 Universidade Católica de Moçambique inatsegula sukulu ya malamulo ku Nampula, komabe kwa mwana wa ku Lago unali ulendo wa masiku. N'chifukwa chake nkhani yophunzira pa intaneti ikumveka yokoma m'makutu a anthu a kuno.

Malamulo amene amakhudza mudzi

Anthu ena amaganiza kuti malamulo ndi nkhani ya anthu a mataye a ku tauni. Koma milandu yambiri ya m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ili ndi lamulo lake lolembedwa, ndipo amene salidziwa ndiye amaluza.

Chitsanzo ndi nthaka. Lamulo la 1997, Lei 19/97, linakhazikitsa kuti nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, koma banja kapena mudzi umene ukugwiritsa ntchito malo motsata mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe pepala. Munthu amene wakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10 nayenso amapeza ufulu. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Ndipo mlendo wofuna malo oti amangepo malo ogona alendo kapena kutsegula munda waukulu sapatsidwa chilolezo anthu a m'deralo asanafunsidwe. Mayi wamasiye amene akulandidwa munda wa chinangwa akadziwa zimenezi amalankhula ndi mphamvu ina pabwalo.

Palinso lamulo la 2019, Lei 19/2019, loletsa kukwatiwitsa kapena kukwatira mwana wosakwana zaka 18, ndipo limapereka chilango kwa makolo ndi ena othandizira ukwati wotero. Mbali ya nyanja ya ku Mozambique inakhala malo otetezedwa mu 2011, kotero usodzi uli ndi malamulo a ziphaso ndi mitundu ya maukonde. Makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti aziweruza milandu ing'onoing'ono ndi kuyanjanitsa anthu, koma alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende.

Malamulo onsewa analembedwa m'Chipwitikizi, chomwe ndicho chiyankhulo cha boma. Anthu ambiri a ku Msumba, Chuanga, Ngoo ndi Cóbuè amaganiza ndi kudandaula m'Chinyanja. Apa ndi pamene pakusowa munthu: mwana wa mudzi wodziwa kuwerenga lamulo m'Chipwitikizi n'kulifotokoza bwino kwa agogo ake, komanso wotha kutenga dandaulo la agogowo n'kulilemba momwe khoti la ku Metangula lingalimvere.

Zimene mwana wa sekondale angachite lero

Chinthu choyamba chimene makolo ayenera kudziwa n'chakuti palibe sukulu yovomerezeka imene ingapatse mwana digiri ya malamulo asanamalize kalasi ya 12 kapena maphunziro ofanana nayo. Wina akapempha ndalama kwa mwana wa kalasi ya 10 n'kumulonjeza satifiketi ya uloya, ameneyo akuba.

Izi sizikutanthauza kuti foni ilibe ntchito pa msinkhu umenewu. Malamulo aakulu a dziko, Constituição da República a 2004, amapezeka ulere pa intaneti, pamodzi ndi lamulo la nthaka ndi la mabanja. Mwana angathe kuwakopera kamodzi pamene netiweki ili bwino n'kumawerenga pang'onopang'ono osawononganso mamega. Kuwerenga ndime imodzi patsiku, kufufuza mawu ovuta, kenako kuyesa kuifotokoza m'Chinyanja kwa munthu wa pakhomo, ndi sukulu yabwino kuposa mavidiyo ambiri. Ndime imene munthu sangathe kuimasulira ndiye kuti sanaimvetse.

Chachiwiri ndi kukonzekera mayeso olowera ku yunivesite. Ku Universidade Eduardo Mondlane, ofuna kuphunzira malamulo amalemba mayeso a Chipwitikizi ndi História. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndipo mapepala a mayeso a zaka zapitazo amapezekanso pomwepo. Choncho mwana wofuna njira imeneyi asankhe maphunziro a Letras, mmene muli História, Geografia ndi Filosofia, ndipo alimbikire kulemba Chipwitikizi chomveka. Ntchito ya malamulo ndi yowerenga ndi kulemba tsiku lililonse.

Chachitatu chikukhudza amene anasiyira sukulu panjira, monga anyamata amene analowa m'bwato ndi atsikana amene anabereka msanga. Unduna wa zamaphunziro uli ndi pulogalamu ya sekondale yophunzirira kunyumba, yotchedwa PESD, yoyendetsedwa ndi Instituto de Educação Aberta e à Distância. Wophunzira amagwiritsa ntchito mabuku a mamodulo, n'kumakakumana ndi aphunzitsi pa malo othandizira ophunzira. Ofesi ya zamaphunziro ya boma la Lago, ku Metangula, ndiyo ingauze munthu malo apafupi olembetsera.

Digiri yophunzirira kunyumba

Kwa amene wamaliza kalasi ya 12, njira ya intaneti ndi yeniyeni. Sukulu yodziwika pa njira imeneyi ndi ISCED ya ku Beira, imene inakhazikitsidwa mu 2014 ndipo mu 2021 inakhala yunivesite yotchedwa UnISCED. Direito ndi limodzi mwa maphunziro ake, ndipo digiri yake, licenciatura, imatenga zaka zinayi. Mabuku, ntchito zolemba ndi zokambirana ndi aphunzitsi zimadutsa pa intaneti, ndipo sukuluyi ili ndi malo othandizira ophunzira m'zigawo za dziko, kuphatikizapo Lichinga.

Banja lisanagulitse ng'ombe kapena injini ya boti, liwerengere bwino mtengo wonse. Iyi ndi sukulu yolipira, ndipo malipiro ake ndi a zaka zinayi, osati mwezi umodzi. Pamwamba pake pali mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel, amene amatha msanga munthu akamaonera maphunziro a pa vidiyo. Pali kutchaja, kumene kumafuna magetsi kapena sola yodalirika ngakhale nyengo ya mvula. Foni yaing'ono imakwanira kuwerenga, koma kulemba ntchito ya masamba 15 kumafuna kompyuta kapena tabuleti. Palinso maulendo a ku Lichinga, makilomita oposa 100 kukwera phiri kudzera ku Maniamba, pamene wophunzira akufunika kukaonekera yekha, ndiye pamafunika ndalama ya chapa, chakudya ndi pogona.

Mtengo wina suwerengedwa ndi meticais. Wophunzirira kunyumba alibe belu lomuitana, alibe mnzake wa pa benchi womudzutsa. Mnyamata amene wachezera panyanja usiku wonse, kapena mtsikana amene akuyembekezeka kutunga madzi, kusinja chinangwa ndi kuphika, sangawerenge ngati banja silimupatulira nthawi. Ophunzira awiri kapena atatu a mudzi umodzi akamawerengera pamodzi amagawana mamega, amagawana ulendo, ndipo wina akafooka mnzake amamukoka.

Kwa amene wakhoza bwino mayeso olowera ku yunivesite ya boma, njira yakale yokakhala ku sukulu ikadali yabwino, ndipo pali bungwe la boma lothandiza ophunzira ndi ndalama, Instituto de Bolsas de Estudo. Intaneti ndi ya amene sangathe kuchoka, kapena amene akugwira kale ntchito monga aphunzitsi, anamwino ndi alembi a m'maofesi a boma.

Misampha iwiri

Msampha woyamba ndi sukulu zopanda chilolezo. Ku Mozambique maphunziro a ku yunivesite amawunikidwa ndi bungwe la CNAQ, ndipo ophunzirira kutali amayang'aniridwanso ndi Instituto Nacional de Educação à Distância. Munthu asanatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, afunse ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka, aone kumene kuli ofesi yake, ndipo asalipire ku nambala ya munthu wamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Msampha wachiwiri ndi wobisika. Maphunziro ambiri aulere a m'Chipwitikizi pa YouTube ndi Facebook ndi a ku Brazil kapena ku Portugal, ndipo amaphunzitsa malamulo a mayiko amenewo. Mwana angathe kuloweza ndime zambiri zimene sizigwira ntchito ku Metangula. N'chimodzimodzi ndi zimene anthu amamva pa mawayilesi a ku Malawi: dziko limenelo linatengera njira ya malamulo ya Angerezi, pamene Mozambique inatengera ya Apwitikizi, moti buku la malamulo a pakati pa anthu, Código Civil, ndi la 1966 ngakhale lasinthidwa m'malo ambiri. Kwa anthu a m'malire, amene achibale awo ali ku Likoma ndi ku Nkhotakota, kudziwa kusiyana kumeneku n'kofunika pa nkhani za ukwati, chuma cha masiye ndi malonda.

Malamulo a dziko lomwelino nawonso amasintha. Malamulo a milandu ya upandu a 1886 analowedwa m'malo mu 2014, ndipo mu 2019 panabweranso ena atsopano. Lamulo la mabanja la 2004 linakonzedwanso mu 2019. Mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya nthaka. Wowerenga pa intaneti aziyang'ana nambala ndi chaka cha lamulo, ndipo adziwe kuti lamulo lenileni ndi limene lasindikizidwa mu Boletim da República.

Digiri si mapeto

Kumaliza zaka zinayi sikupanga munthu kukhala loya tsiku lomwelo. Wofuna kukhala advogado amalembetsa ku Ordem dos Advogados de Moçambique, bungwe lokhazikitsidwa mu 1994, n'kuphunzira ntchito kwa nthawi yoposa chaka pansi pa loya wodziwa, kenako kulemba mayeso. Wofuna kukhala woweruza milandu kapena woimira boma pa milandu amapikisana kuti alowe ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária, ku Matola. Zimenezi sizichitikira pa foni.

Palinso IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizithandiza ulere anthu osauka pa milandu. Mwana wa sekondale amene akufuna kudziwa ngati ntchitoyi ndi yake angathe kufunsa ku ofesi ya bungweli, kapena kukakhala kumbuyo m'khoti la boma tsiku la milandu, popeza milandu yambiri imazengedwa poyera. Angathenso kukhala pabwalo la mfumu n'kumvetsera momwe akuluakulu amafunsira mboni ndi kuyanjanitsa anthu. Malamulo aakulu a dziko, mu ndime yachinayi, amavomereza njira zimenezi zothetsera mikangano malinga ngati sizikutsutsana ndi malamulowo.

Kale mwana wa ku Msumba wofuna maphunziro ankanyamula katundu n'kukwera ngalawa kapena lole, ndipo ambiri sanabwererenso kudzakhala. Lero angathe kuyamba ali pakhonde la amayi ake. Chimene chikufunika chaka chino n'chakuti akhoze Chipwitikizi ndi História, amalize kalasi ya 12, ndipo makolo amupatse nyali ndi nthawi yowerengera pamene anzake akukankhira mabwato m'madzi.